Dziwe losambiramo la m'nyumba ku Kafue: chinyezi chonsecho chizipita kuti?

Amene anagonapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mwezi wa Juni amalidziwa dontho la m'bandakucha. Mvula inasiya kalekale, kumwamba kuli mbee, koma dontho lozizira limakugwera pamphumi. Madziwo sachokera kunja ayi. Ndi mpweya umene anthu a m'nyumbamo akhala akupuma usiku wonse, kuphatikiza nthunzi ya mphika wa madzulo. Zikafika pa lata lozizira zimasanduka mame. Ngati anthu asanu ndi mphika umodzi angadonthetse denga, nanga madzi ofunda odzaza dziwe la mamita 25, otsekeredwa m'makoma anayi?

Tauni ya Kafue, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, ili m'mphepete mwa mtsinje waukulu. Koma mtsinjewo si malo ophunzirirapo mwana kusambira: muli ng'ona, muli mvuu, ndipo m'madzi odikha mumatengeka likodzo. N'chifukwa chake ine ndimakondwa ndikamva kuti sukulu kapena malo ogona alendo akufuna kukumba dziwe, ngakhale kulifolera kuti lizigwira ntchito m'miyezi yozizira yomwe. Chimene chimandidetsa nkhawa n'choti ambiri amawerengera njerwa, simenti ndi matailosi, koma za mpweya amaziganiza nyumba itatha kale.

Kodi vuto lili pati? Si kungomanga makoma n'kufolera basi?

Dziwe la pabwalo limaphwa tsiku ndi tsiku, koma palibe amene amadandaula za kumene madziwo apita chifukwa mphepo imawanyamula. Mukalitsekera, kuphwako sikuleka. Madzi ofunda amatulutsabe nthunzi yosaoneka ndi maso, usana ndi usiku, kaya muli osambira kaya mulibe. Nthunziyo ikasowa kolowera imadzaza m'chipindamo, kenako imayamba kufunafuna pozizira poti ikhale: pa galasi, pa malata, pa mabawuti, m'kati mwa khoma. Kumeneko ndi kumene kumayambira dzimbiri, chuku chakuda m'makona, penti yosupuka ndi matabwa ofumbwa.

Choncho ntchito yoyamba ya makina a mpweya m'nyumba yotere ndi kuchotsa madzi mumpweya. Kuziziritsa kapena kutenthetsa kumabwera pambuyo.

Madzi ake ndi ochuluka bwanji?

Titenge dziwe la mamita 25 m'litali ndi 12.5 m'lifupi, longa limene sukulu yaikulu ingakhale nalo. Madzi akhale pa madigiri 28, mpweya pa madigiri 30, chinyezi pa 60 peresenti. Tikatsata masamu a bungwe la mainjiniya a zotenthetsa ndi zoziziritsa la ku America lotchedwa ASHRAE, dziweli limataya malita pafupifupi 55 pa ola pamene anthu ali phaphapha kusambira, ndipo theka lake pamene madzi angokhala zii popanda munthu. Pa tsiku lathunthu ndi malita pafupifupi 1,000. Zigubu 50 za malita 20, zokhuthulidwira mumpweya wa chipinda chimodzi, lero, mawa ndi mkuja.

Pali ndi mbali ya ndalama imene anthu saiona msanga. Lita imodzi ya madzi kuti isanduke nthunzi imatenga kutentha kofanana ndi mayunitsi a magetsi pafupifupi 0.7, ndipo kutenthako imakuchotsa m'dziwe momwemo. Zigubu 50 zija ndi mayunitsi pafupifupi 700 patsiku amene mukuyenera kubwezera kuti madzi asazizire. Mwini dziwe akamadabwa kuti mayunitsi a kampani ya magetsi ya ZESCO akutha ngati mchere m'madzi, nthawi zambiri wakuba wake ndi nthunziyi.

Bwanji osangopachika maeyakoni awiri kapena atatu pakhoma, ngati mu ofesi?

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Ndinalowapo m'chipinda cha dziwe laling'ono pa malo ena ogona alendo m'mawa wa mwezi wa Julayi. Magalasi onse anali mbuu, madzi akutsetsereka mizeremizere mpaka pansi. Pa mtanda wachitsulo wa denga panali timadontho tofiirira tolendewera, ndipo pansi pake matailosi oyera anali ndi mawanga a dzimbiri. Pakhoma maeyakoni awiri anali kulira. Mnyamata wogwira ntchito pamenepo anali ndi mopu m'manja. Anandiuza kuti, "Bwana, timakolopa katatu dzuwa lisanakwere, koma pansi sipauma. Zitseko izi tinasintha mahinjesi chaka chatha, onani mmene zilili." Mahinjesiwo anali atadyeka kale.

Eyakoni ya mu ofesi imayang'ana kutentha kokha. Ikafika pa digiri imene mwaiikira imapuma, pamene dziwe likupitiriza kutulutsa nthunzi. Chinyezi chimene imachotsa n'chongogwera m'njira, ndipo n'chochepa poyerekeza ndi malita 55 pa ola. Choipa kwambiri n'chakuti kuziziritsa mpweya kumawonjezera kuphwa. Pa dziwe lathu lija, mukatsitsa mpweya kufika pa madigiri 24 koma chinyezi n'kukhalabe pa 60 peresenti, madzi ophwa amachuluka ndi kuposa theka. Wosambira akavuuka amanjenjemera, mwini malo amawonjezera moto wotenthetsa madzi, madzi ofunda kwambiri amatulutsa nthunzi yochulukirapo, ndiye zimangozungulira choncho. Pamwamba pa izo, tizitsulo topyapyala ta m'kati mwa eyakoni wamba sitipirira mpweya wa klorini.

Mbiri ya makinawa payokha imatiuza kuti nkhani inali chinyezi kuchokera pachiyambi. Mu 1902 Willis Carrier anakonza makina ake oyamba pa kampani yosindikiza mabuku ku Brooklyn, chifukwa mapepala ankafufuma ndi chinyezi, mitundu ya inki n'kumaphonyana. Ndipo mawu akuti air conditioning anayamba ndi Stuart Cramer mu 1906, injiniya wa mafakitale a nsalu ku North Carolina, amene ankafuna kuwonjezera chinyezi kuti ulusi usamaduke. Akuluakulu amene anagwirapo ntchito pa fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles angaimvetse bwino nkhaniyi: thonje louma kwambiri limavuta kupota.

Nanga kutentha ndi chinyezi zoyenera ndi ziti?

Madzi a mpikisano, malinga ndi malamulo a bungwe la World Aquatics, amakhala pakati pa madigiri 25 ndi 28. Ophunzitsira ana ndi okalamba amafunda pang'ono kuposa apo. Mpweya uzikhala wofunda kuposa madzi ndi digiri imodzi kapena awiri, koma osapitirira kwambiri madigiri 30, chifukwa aphunzitsi ndi makolo ovala zovala amene aima m'mbali angalefuke. Chinyezi chizikhala pakati pa 50 ndi 60 peresenti. Chikatsika kuposa apo madzi amaphwa msanga ndipo khungu lonyowa limazizidwa; chikakwera, nyumba imayamba kudyeka.

Mwanena kuti nthunzi imafuna pozizira. Pozizira pake mpofika pati?

Botolo la madzi lochokera mufiriji likaikidwa patebulo limachita thukuta. Mpweya uliwonse uli ndi digiri yake imene umayambira kutula madzi ake, ndipo chinthu chilichonse chozizira kuposa digiriyo chimanyowa. Kwa mpweya wa madigiri 30 ndi chinyezi cha 60 peresenti, malirewo ali pa madigiri pafupifupi 21. Nambala imeneyi wojambula pulani aliyense ayenera kuilemba pamwamba pa pepala lake.

Tsopano iyerekezeni ndi usiku wa Juni kapena Julayi m'chigwa cha Kafue, pamene kunja kumazizira kufika pa madigiri 10 ngakhale kutsikirapo. Lata loyang'ana thambo lopanda mitambo limazizira kuposanso mpweya wa panja. Galasi la chipande chimodzi chimodzimodzi. Kumayiko ozizira aliyense amadziwa kuti denga liyenera kufunditsidwa. Kwathu kuno timati dziko lathu n'lotentha, ndiye timafolera lata lokha, osadziwa kuti miyezi itatu kapena inayi pachaka dengalo lizivumba mvula m'kati.

Denga la dziwe limafuna zinthu ziwiri, ndipo dongosolo lake n'lofunika. Choyamba, chofunditsa chotchinga kuzizira, kuti mbali ya m'kati isatsike pa madigiri 21 aja. Chachiwiri, chinsalu chapulasitiki kapena cha aluminiyamu chosalola nthunzi kudutsa, ndipo chimenechi chimaikidwa kumbali yofunda, yoyang'ana dziwe, chomatidwa bwino m'malumikizidwe onse. Mmisiri akachiika kumbali ya lata, kapena wa magetsi akachiboola poika nyale n'kusiya osamata, nthunzi imalowa m'chofunditsa chija, imasanduka madzi m'kati mosaoneka, chofunditsacho n'kukhala ngati bulangeti lonyowa lokuta zitsulo. Ine ndimalangiza kuti pasakhale siling'i yolendewera pamwamba pa dziwe. Kampata ka pakati pa siling'i ndi denga kamakhala kozizira, kamdima, kosafikako munthu, ndipo zonse zoipa zimachitikira mmenemo.

Magalasi amathandizidwa ndi mphepo. Mapaipi obweretsa mpweya wofunda ndi wouma aziutulutsira pa galasi penipeni, makamaka kuchokera pansi kukwera m'mwamba, monga mmene dalaivala wa minibasi amatsegulira mphepo pa galasi la kutsogolo m'mawa wa chisanu. Zenera limene mphepoyo silifika lidzanyowa basi, ngakhale makina atakhala aakulu chotani.

Fungo la klorini limene limaluma m'maso limachokera kuti? Kodi athira mankhwala ochuluka?

Nthawi zambiri ayi. Madzi a klorini aukhondo sanunkha kwambiri. Fungo loluma lija limabadwa klorini akakumana ndi thukuta ndi mkodzo. Zinthu ziwirizi zili ndi yureya, yemweyo amene alimi amamudziwa m'thumba la feteleza wobereketsa, ndipo mu yureya muli nayitirojeni. Ku Kafue dzina limeneli si lachilendo, poti fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia yakhala pomwepo kuyambira 1970. Klorini akagwirana ndi nayitirojeni wa m'thupi la munthu pamapangika mankhwala otchedwa chloramine, ndipo woopsa mwa iwo, trichloramine, sakhalitsa m'madzi. Amatuluka n'kuyandama pamwamba penipeni pa dziwe, chifukwa ndi wolemera kuposa mpweya.

Taganizani amene mphuno yake imakhala pamenepo. Ndi mwana amene akuphunzira kusambira, akupuma mwawefuwefu masentimita ochepa kuchokera pamadzi. Ndi mphunzitsi amene amakhala m'mbali mwa dziwe tsiku lonse, sabata ndi sabata. Maso amafiira, kukhosi kumakereketa, ndipo amene ali ndi mphumu amabanika. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a maiwe osambiramo a mu 2006, linapereka malire a mamiligalamu 0.5 a trichloramine pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya.

Makina oumitsa mpweya sachotsa fungoli, amangolizunguza. Limachoka ndi mpweya wa kunja wolowa ndi wa m'kati wotuluka. ASHRAE imati pazilowa malita 2.4 a mpweya wa kunja pa sekondi pa sikweya mita iliyonse ya dziwe ndi pansi ponyowa pozungulira, ndipo mpweya wonse wa m'chipindamo uzizungulira kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi pa ola. Komanso malo ena okokera mpweya kunja aikidwe m'munsi, pafupi ndi madzi, osati kudenga kokha. Mphepo yodutsa pamwamba pa madzi ikhale ya pang'onopang'ono, yongokwanira kusesa fungolo, chifukwa ikakula imawonjezera kuphwa ndi kuzizira.

Fani yotulutsa izikoka mpweya wochulukirapo pang'ono kuposa umene ukulowa. Mukatero, potsegula chitseko mphepo imalowera ku dziwe m'malo mothamangira m'makonde, m'zipinda zogona alendo kapena m'makalasi. Mutha kudziyesera nokha: tsegulani chitseko pang'ono, gwirani kapepala kopepuka pampatapo, muone kumene kakuweramira.

Koma mankhwala otchipa kuposa onse ndi shawa. Aliyense asambe ndi sopo asanalowe m'dziwe, zimbudzi zikhale pafupi ndiponso zaukhondo, ndipo aphunzitsi azitulutsa ana ang'ono kukakodza pakati pa phunziro. Thukuta limene latsalira mu shawa silipanga fungo m'dziwe.

Ngati mpweya wa kunja umachotsa fungo, sungachotsenso chinyezi? Makina odula aja n'ngofunikadi?

Funso limeneli ndi limene liyenera kuyankhidwa ndi nyengo ya Kafue yeniyeni, osati ndi buku lochokera ku Ulaya. Chaka chathu chili patatu, ndipo gawo lililonse limafuna zake.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mpweya wa kunja ndi wouma zedi; milomo imang'ambika, zovala zimauma pa chingwe pakangopita kanthawi. Mpweya wa m'chipinda cha dziwe umanyamula magalamu pafupifupi 18 a madzi pa kilogalamu iliyonse, pamene wa kunja m'mawa wouma wa Julayi ungakhale ndi 6 kapena 7 okha. Kilogalamu iliyonse yolowa ili ndi malo onyamulira magalamu oposa 10. Nthawi imeneyi fani yokha ingathe kuumitsa chipinda. Msampha wake ndi kuzizira: mpweya wa madigiri 10 uyenera kutenthetsedwa kufika pa 30, ndipo wofunda umene mwalipira kale mukuutayira kunja. Njira yake ndi bokosi losinthanitsa kutentha, mmene mpweya wotuluka ndi wolowa umadutsana m'tinjira toyandikana popanda kusakanikirana, wotulukawo n'kusiyira mnzake kufunda kwake.

M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, zinthu zimatembenuka. Tsiku la mvula la Januwale mpweya wa kunja umakhala utanyamula kale magalamu 14 kapena 15, makamaka m'tauni yoyandikana ndi madambo aakulu a Kafue Flats. Malo otsala ndi a magalamu atatu kapena anayi basi, ndiye pamafunika mpweya wochuluka kuposa katatu kuti ugwire ntchito yomwe ija. Apa ndi pamene makina otchedwa dehumidifier amaonetsa phindu lake. Amagwira ntchito ngati firiji: mpweya wonyowa umadutsa pa mapaipi ozizira, madzi ake amakamidwa n'kudonthera m'ngalande, kenako mpweya woumawo umadutsa pa mapaipi otentha n'kubwerera m'chipinda. Ubwino wake ndi woti kutentha kumene nthunzi inaba m'dziwe makinawa amakugwira, ndipo opangidwira maiwe amatha kukubwezera m'madzi.

Ndiye pali Okutobala, mwezi umene phula limanyeta pamsewu wa Great North. Nthawi imeneyi madzi ndi mpweya zonse zimakhala zofunda kale, dzuwa likuwotcha denga, ndipo kutentha kumene makina agwira kulibe kokuika. Pamafunika gawo lina la makinawo loikidwa panja lotayira kutenthako. Wogula makina osaganizira Okutobala adzapeza chipinda chake chitasanduka ng'anjo.

Kanthu kenanso kamene kamaiwalika: Kafue ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere. Mpweya kuno ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Manambala a m'mabuku a ogulitsa makina kawirikawiri amayesedwa pa malo otsika, choncho fani yomweyo ikafika kuno imanyamula makilogalamu ochepa a mpweya. Injiniya ayenera kuonetsa kuti wakonza masamu ake molingana ndi kukwera kwa malowa.

Kodi chinyezi chingagwetsedi nyumba, kapena ndi kuopseza chabe?

Pa 9 Meyi 1985, m'tauni ya Uster ku Switzerland, siling'i ya konkire ya dziwe la m'nyumba inagwera osambira. Anthu 12 anafa, ambiri mwa iwo achinyamata. Nyumbayo inali itagwira ntchito zaka 13 zokha. Siling'iyo inkalendewera pa timitengo ta chitsulo chosachita dzimbiri, chimene aliyense ankachikhulupirira. Ofufuza anapeza kuti mpweya wa dziwe wodutsa pamwamba pa siling'iyo unkasiya mchere wa klorini pa zitsulozo. Chitsulo chokokedwa ndi katundu wolemera, chokhala pofunda, chopakika mcherewo koma chosatsukidwa, chimang'ambika m'kati timing'alu tosaoneka ndi maso, kenako chimathyoka mwadzidzidzi popanda kupindika kaye. Mu 2001 siling'i ya dziwe lina inagwanso ku Steenwijk m'dziko la Netherlands pa chifukwa chomwechi.

Chodabwitsa n'chakuti makwerero a chitsulo chomwecho olowera m'madzi amakhala zaka zambiri osavuta, chifukwa madzi amawatsuka nthawi zonse. Ngozi ili kumwamba, kumene kulibe wotsuka. Mitundu yodziwika ya chitsulochi, ya 304 ndi 316, imene imapezeka m'mashopu a zitsulo, isagwiritsidwe ntchito kunyamula chilichonse cholemera pamwamba pa dziwe, kaya ndi mapaipi a mpweya, nyale kapena zokuzira mawu. Pali mitundu yapadera yokhala ndi molybdenum wochuluka imene imapirira. Kupanda apo, chitsulo wamba chokutidwa bwino ndi zinki ndi penti yolimba n'chabwinopo, chifukwa chikayamba kudwala dzimbiri lake limaoneka. Mapaipi a mpweya a aluminiyamu kapena a nsalu amakhalitsa m'malo otere. Ndipo chipinda chosungira klorini ndi asidi chikhale ndi fani yakeyake yotulutsira kunja, kutali ndi makina a mpweya.

Nanga magetsi akathima?

Anthu a ku Kafue amadziwa kuti kukhala pafupi ndi malo opangira magetsi a Kafue Gorge sikutanthauza kuti nyale ziziyaka. Pulezidenti Hakainde Hichilema atalengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko, madzi anachepa ku Kariba ndi m'madamu a pa Kafue, ndipo pofika Seputembala madera ambiri ankakhala maola 17 kapena kuposerapo opanda magetsi. Dziwe silidziwa ndandanda ya ZESCO. Fani ikaima, nthunzi imapitiriza kukwera, ndipo m'maola ochepa chipinda chonse chimakhala chonyowa.

Chida choyamba pano sichifuna magetsi n'komwe: chivundikiro choyandama chimene chimayalidwa pamwamba pa madzi anthu akamaliza kusambira. Mphika wovundikira sutulutsa nthunzi. Chivundikiro chokwana bwino chimaletsa mbali yaikulu ya kuphwa, chimasunga kufunda kwa madzi, ndipo chimapumitsa makina usiku wonse. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanati pasaloledwe dziwe la m'nyumba lopanda chivundikiro ndi chokulungira chake, poti chikakhala cholemera kuchiyala, ogwira ntchito amatopa nacho n'kuchisiya pakona. Chenjezo lake n'lakuti pasapezeke mwana m'chipindamo chivundikiro chili pamadzi, chitseko chizikhomedwa.

Chachiwiri, pogawa magetsi a jenereta kapena a sola, fani yotulutsa mpweya ndi pampu yozunguza madzi zikhale patsogolo. Zimadya pang'ono poyerekeza ndi makina oumitsa. Chachitatu, pakhale mazenera otsegula ndi manja, ena m'munsi ena pamwamba pafupi ndi denga, kuti zonse zikaima mpweya wofunda uzitha kukwera wokha n'kutuluka.

Mukanakhala inu, mukanalitsekera dziwe ku Kafue?

Kwa sukulu zambiri, makalabu ndi khonsolo, ndinganene kuti ayi. Chimene chimathamangitsa ana m'dziwe mu Juni ndi madzi ozizira, chifukwa masana ambiri a nyengoyo dzuwa limakhala likuwala bwino. Madzi ozizira ali ndi mankhwala otsika mtengo: mapaipi akuda otenthetsa madzi ndi dzuwa oyalidwa padenga, chivundikiro cha usiku, ndi khoma kapena mpanda wa mitengo wotchinga mphepo ya kum'mawa imene imawomba m'miyezi yozizira. Denga lalitali lopanda makoma limateteza ana ku dzuwa la Okutobala, ndipo nthunzi ndi fungo zimachoka zokha. Ndalama zimene zikanapita ku makina zingalipire mphunzitsi wa kusambira kwa zaka zingapo, ndipo ana ambiri angaphunzire.

Kutsekera kuli ndi malo ake: dziwe lofunda lochitira mafizo kwa odwala sitiroko ndi ovulala, lophunzitsira makanda, la ochita mpikisano amene amalowa m'madzi kusanache chaka chonse, kapena la hotela imene alendo ake amalipira zimenezo. Amene wasankha njira imeneyi adziwe kuti makina a mpweya ndi denga lofunditsidwa bwino ndi gawo la dziwelo, monga mmene pampu ilili, ndipo mtengo wa magetsi ndi wokonzetsa makina aulembe pa bajeti ya chaka chilichonse.

Ndimufunse chiyani wojambula pulani?

Poyamba onani ngati injiniya wake ndi wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia, ndipo womanga ku National Council for Construction. Kenako mufunseni kuti dziwe lanu lizitaya malita angati pa ola, masana ndi usiku. Akayankha ndi kukula kwa chipinda ndi mphamvu ya eyakoni yokha, sanaimvetse ntchitoyo. Akuonetseni masamu a m'mawa wa Julayi, a tsiku la mvula la Januwale ndi a masana a Okutobala. Akulozereni pa pulani pamene padutsa chinsalu chotchinga nthunzi, ndiponso chitsulo chimene chanyamula chilichonse cholendewera. Mufunsenso kuti makinawo akafa adzakonza ndani, ndipo zipangizo zake zili ku Lusaka kapena zikadikiridwa kuchokera ku Johannesburg kwa miyezi iwiri dziwe likutulutsa nthunzi.

Ife tinamanga kale, ndipo denga likudontha. Tiyambire pati?

Gulani kachipangizo koyezera kutentha ndi chinyezi. N'kotchipa, ndipo kamayendera batire. Kapachikeni pakhoma la m'kati, kutali ndi chitseko ndi dzuwa. Wogwira ntchito azilemba m'kope katatu patsiku, m'mamawa, masana ndi madzulo, pamodzi ndi kutentha kwa madzi. Pakatha masabata awiri kopelo lidzakuuzani nthawi imene chinyezi chimadumpha 60 peresenti, ndipo injiniya aliyense amene mungamuitane adzakhala ndi poyambira.

Musadikire masabata awiriwo kuti muyale chivundikiro usiku. Tsitsani kutentha kwa madzi ndi digiri imodzi ngati osambira angapirire, lekani kuziziritsa mpweya kutsika kuposa madzi, ndipo fani yotulutsa isazimitsidwe pofuna kupulumutsa mayunitsi. Woyeza madzi asamangoyang'ana klorini yekha. Aone kuti pH ili pakati pa 7.2 ndi 7.8, ayezenso klorini wogwirana ndi zonyansa, poti ameneyo akakwera fungo limakwera naye.

Ngati pamwamba pa madzi pali siling'i, mapaipi kapena nyale zolendewera, tsekani dziwe tsiku limodzi, muitane injiniya wa zomangamanga akwere ndi tochi. Aone bawuti iliyonse ndi waya aliyense. Timadontho tofiirira pa chitsulo chonyezimira tisapukutidwe n'kuiwalika. Bawuti imodzi kapena ziwiri zimasulidwe, m'malo mwake muikidwe zatsopano, ndipo zakalezo zitumizidwe kukayesedwa ngati zili ndi ming'alu m'kati. Mpaka yankho litabwera, ana asasambire pansi pa mbali imeneyo.